Zimene magazi a mwamuna wanga ananena

Ndinadzuka kusanache, ngati kutsamira khoma pambali pa bokosi la mwamuna wanga kungatchedwe kugona. Amayi a mvano anali ataimba mpaka mawu kusasa. Mphepo ya ku mapiri a Mafinga inkalowa pansi pa chitseko, ndipo panja moto unali utayaka kale pamafuwa. Nditadutsa pafupi ndi mphika wa nyemba, mlamu wanga wamkazi anauvundikira msanga. Ndinadziwa kuti akuopa kuti ndingathiremo mankhwala.

Mlandu wanga unali wakuti ndinadziwiratu imfa. Mwamuna wanga atagwa ndi sitiroko, anatitumiza ku chipatala cha ku Mzuzu. Kumeneko anayamba kukhala tsonga, kumwa phala, ngakhale kukalipa ndi pakamwa popotokapo. Koma dokotala anatiitanira pambali, ine ndi achimwene awo, n'kutiuza kuti magazi aonetsa kuti mtima nawonso wavulala. Anati mtima ukavulala umasiya zizindikiro m'magazi, ndipo wodwala sitiroko akapezeka nazo zochuluka, kawirikawiri safika patali. Ndinaimbira ana foni kuti abwere msanga. Anafika, ndipo mawa lake bambo awo anamwalira. Kuno ku Chisenga funso linali limodzi: munthu akupeza bwino, mkazi wa ku Thyoloyu anadziwa bwanji?

Dzuwa litakwera anthu anadzaza, ena pa njinga zamoto, amalonda anzathu a ku boma pa lole, fumbi lili koboo. Ambiri ankati "phepani" akuyang'ana manja anga, osati nkhope. Nanenso sindinagone, ndinkaona amene akunong'onezana ndi ndani.

Tisananyamuke, alamu anga, achimwene a malemu aja, anaimirira kufotokoza mmene matenda anayendera, monga mwa mwambo. Mtima wanga unali m'mwamba, poti ndi iwo okha amene anamva nawo mawu a dokotala. Ananena za kugwa, za ambulansi, za phala. "Tinati munthu wachira," anatero, "koma watisiya mwadzidzidzi waka, basi." Za magazi sanatchule. Kaya anaiwala, kaya golosale yathu ya pamsika ikuwasowetsa tulo, akudziwa ndi Mulungu. Ndinapsa mtima kwambiri, koma namfedwa sayankhula pamaliro.

Popita kumanda anandigwira ndi ana anga okha. Achibale ena ankayenda chapatali.

Madzulo nyumba inati zii. Apongozi anga, mayi ake a malemu, anali asanalawe kanthu tsiku lonse. Ndinawaphikira tiyi, n'kugwada pamaso pawo.

"Magazi amayowoya?" anandifunsa m'chiyankhulo chawo, kutanthauza ngati magazi amayankhula.

"Madokotala amadziwa kuwayeza, amama. Alamu analipo, muwafunse."

Anandilozera kapu kuti ndiyambe ine kumwa. "Lawani dankha."

Chikwatibwire pamudzi pano mayi amenewa akhala akudya za m'manja mwanga. Ndinamwa, kenaka n'kuwapatsa. Anaigwira ndi manja awiri, akudikira kuti aone chimene chindichitikire, mpaka tiyi anazizira.