Khoma la Khonde Lakuseri

Anabwera Lachiwiri m'mawa, ine ndikunola khasu. Anali apolisi awiri, ndipo kumbuyo kwawo kunali anthu a m'mudzi mwathu kwa Mbenje, ena amene ndimadya nawo Mgonero wa Ambuye.

"Madala, tiyeni tikakusungeni," anatero wamkuluyo. "Mukatsala pano, awa sakusiyani."

Inali nyengo ya mphekesera za anthu opopa magazi, ndipo mlandu wanga unali khoma. Mwana wanga wamkazi, amene amaphunzira kuyunivesite ya kunja, anali atabwera kutchuthi. Ntchito yake ndi kufufuza, ndi masamu okha, tizinthu tochepetsetsa timene Mulungu anaumbira zonse, ndi zimene zimachitika tikawombana pa liwiro lalikulu. M'nyumba munkatentha, choncho ankalemba ndi khala pakhoma la khonde lakuseri: mizere iwiri yokumana, wokhotakhota pakati, ina iwiri yotuluka. Atachoka, mayi ake anafuna kuzira khomalo. Ndinakana ndine. Kunali kunyada, ndipo ndinalapa. Kenako mphepo inagwetsa mpanda wa bango, anthu n'kuona.

Mwanayo anali ku Blantyre, kudikira ndege ya Lolemba. Ndikanamutchula, akanakamutenga.

Lachitatu wofunsa mafunso anandionetsa chithunzi pafoni.

"Awa ndi mapaipi opopera magazi. Uku kolowera, uku kotulukira. Analemba ndani?"

"Ndikumudziwa, bwana, koma sindimutchula."

Anaseka. "Ena amangoti sindikudziwa, ife n'kupuma."

"Limenelo lingakhale bodza."

"Nanga zikutanthauzanji?"

Ndinamuuza zimene ndinauzidwa: tinthu tiwiri tikumana, tisintha, tisiyana. Maso sanationepo, koma timadziwika ndi mapazi ake.

"Ndiye mumakhulupirira zosaoneka?"

"Kuyambira tsiku la ubatizo wanga, bwana."

Lachinayi anandifunsa mwa njira ina. Khutu langa lakumanzere silimvanso bwino.

M'chitokosi tinalimo ambiri, ndipo kutentha kwa ku Chigwa mukukudziwa. Wolondera wina ankati akamatsegula, "Abusa a mapaipi, mwadzuka?" Yemweyo ndiye ankandipatsa madzi osapempha. Ndinkakumbukira mfumu ija ya m'Malemba imene inanjenjemera ndi zolembedwa pakhoma chifukwa inasowa woziwerenga, ndipo ndinawapempherera anansi anga. Sizinali zophweka.

Lolemba masana ndinafunsa nthawi. Atandiuza kuti yakwana folo, ndinaimba nyimbo yoyamika. Anzanga anayesa ndazungulira mutu.

Lachitatu lotsatira anaitana mphunzitsi wa sayansi wa kusekondale. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Awa ndi masamu a fizikisi. Ine pano sindinafikepo." Ananditulutsa opanda chikalata, opanda pepani.

Kunyumba ndinapeza khoma litaziridwa bwinobwino. Mkazi wanga ndiye analizira. Madzulo mwana anaimba foni.

"Baba, munali kuti? Ndinakufunani kuti nditsanzike. Amayi amangoti mwachokapo."

"Ndinali kumalo kopanda netiweki, mwanangu."

Zinali zoona. Zinazo adzaziwerenga m'zimene ndalembazi akamaliza maphunziro.

Anthu amati ufulu ndi chitseko chotseguka. Wanga unafika chitseko chikadali chokhoma, Lolemba lija, ndege itanyamuka, dzina lake lili m'kamwa mwanga ndipo bodza mulibe. Lamulungu ndinapita kutchalitchi. Bambo amene anafuula kwambiri tsiku limene apolisi ananditenga anandipatsira chikho cha Mgonero. Ndinalandira, ndinamwa.