Mzere wachinayi umene ndinaukwirira

Kwathu ndi ku Utale, koma sekondale ndinaphunzira kufupi ndi Ntaja, ndikukhala kwa amalume. Pasukulupo panali makompyuta anayi oyendera sola. Atatu ankakhala mu labu, imodzi mu ofesi, ndipo onse anali olumikizana. Mu ya mu ofesiyo ndi mmene munkasungidwa mayina athu tonse komanso mndandanda wa ntchito za m'mawa: wosesa ndani, wotchetcha ndani, wotunga madzi pamjigo ndani, wotsuka zimbudzi ndani. Chosungiramo chimenechi ankachitcha detabesi. Lolemba lililonse akalaliki, bambo achikulire ochokera ku Nsanama ovala kofia yoyera, ankapulinta mndandandawo n'kuumata pabolodi.

Ndili Fomu 3, amadamu a kompyuta anandipatsa akaunti yangayanga chifukwa ndinkataipa mwachangu. Amadamuwo kwenikweni anali a masamu, za kompyuta anangosenzetsedwa chifukwa panalibe wina. Anandiika m'gulu la ofesi kuti ndiwathandize kulowetsa mayina a Fomu 1. Ndinalowetsa onse bwinobwino. Nditamaliza ndinatsegulanso mndandanda wa ntchito, kungoona chabe, ndipo ndinapeza kuti dzina lililonse limasuntha ukalisuntha.

Tinali ndi hedi pirifekiti wamtali amene ankatigwaditsa pamiyala chifukwa chosapisira malaya. Lolemba lotsatira dzina lake linatulukira pazimbudzi. Atakadandaula, anamuuza kuti kompyuta siikondera. Sabata inayo, pazimbudzi pomwepo. Ndinkadutsa pafupi ndikumupatsa moni waulemu kwambiri, iye ali ndi chidebe ndi tsache lonyowa.

Amadamu anayamba kundiyang'ana ndi diso la pambali. Tsiku lina anandiitana mu labu.

"Iwe, pali tsamba la malangizo limene anatisiyira amene anatikonzera detabesi. Ndalilemba m'Chichewa kuti akalaliki azilimva, koma langounjikana ngati zinyalala. Ulikonze lioneke bwino."

Malangizowo sankalembedwa ngati kalata wamba. Unkalemba mbali ina, n'kumaika tizizindikiro: kena kutsogolo kwa mzere kuti ukhale mutu, tinyenyezi uku ndi uku kuti mawu anenepe, manambala kuti masitepe andandalikane. Ukatsegula mbali yoonera, tizizindikiroto tinkasowa, n'kutsala tsamba loyera lokongola. Ndinawerenga mutu wa tsamba limene anandipatsalo: "Kuchotsa chilolezo cha munthu." Ndinaseka chamumtima. Munthu woyamba kuchotsedwa ndinkamudziwa, ndipo ankamutuma kuti anole yekha mpeni.

Masitepe ake anali anayi. Atatu oyamba ankachotsa chilolezo cha munthu payekha. Mzere wachinayi unkati: "Mumuchotsenso m'gulu limene ali, apo ayi azilowabe ndi chilolezo cha gululo." Tsono pakati pa tizizindikiro tija panali tiwiri tapadera, kotsegula ndi kotseka. Chilichonse chimene waika pakati pake chimakhalapo ndithu, koma kumbali yoonera sichioneka. Sindinafufute chilembo ngakhale chimodzi, zimenezo ndikufuna zidziwike. Ndinangoukwirira mzere wachinayiwo ngati mbatata.

"Koma ndiye wakonzatu," anatero amadamu ataona masitepe atatu ali ndondondo. Lachinayi anandiimika pambali pawo, n'kumawerenga tsambalo mokweza, sitepe ndi sitepe, akundichotsa. Ine ndinagwetsa nkhope mpaka anandimvera chisoni.

"Usadandaule, ndangofuna mitima ya anthu ikhale pansi."

"Palibe kanthu, madamu," ndinatero ndi mawu a mwana wamasiye.

Lachisanu masana, akalaliki atapita kumzikiti kukapemphera juma, ndinalowa kudzera mu labu ndi pasiwedi yanga yomwe ija. Chitseko chinali pululu. Hedi pirifekiti ndinamubwezera kuntchito yake ya kuzimbudzi. Ine ndinadziika kosesa khonde la ofesi, kumene kuli mthunzi komanso nkhani. Ndiye panali mtsikana wina wa Fomu 2 amene anandisekerera kamodzi pamjigo. Ndinamuchotsa pazimbudzi n'kumuika kopukuta matebulo mu sitafu rumu, masabata atatu otsatizana. Iye sanadziwe kuti ndi ine, ndipo ine sindinkadziwa kuti ndi mwana wa achemwali awo a akalaliki.

Sukulu yonse inayamba kununkhizana. Mapirifekiti ankaganizira a Fomu 4. Amadamu anasintha pasiwedi yawo kawiri, n'kumataipa ataphimba dzanja ndi buku. Mlonda anafunsidwa ngati amabwereketsa makiyi. Ine ndekha ndi amene sindinkaganiziridwa, poti anthu onse anamva kuti ndinachotsedwa. Ena ankabwera kudzandifunsa maganizo. Ndinkapukusa mutu n'kunena kuti dziko laipa.

Lolemba lina ndikusesa khonde lija, ndinamva ahedi akulankhula ndi akalaliki mkati. Zenera linali lotsegula, tsache langa linayamba kuyenda pang'onopang'ono.

"Bambo, kompyuta ikuti wosintha ndi wa m'gulu la ofesi. M'gululo mwatsala inu ndi amadamu. Amadamu alibe m'bale pano. Inu muli naye, ndipo ndi yemweyo amene sakugwira tsache la kuchimbudzi."

"Walahi, bwana, ine sindinakhudze. Mwanayo ngakhale kunyumba amatsuka, ndingamubisirenji kuno?"

"Lero ndi mndandanda wa ntchito. Mawa tidzamva kuti ndi malikisi. Munthu wosunga mayina a ana akayamba kukayikitsa, ine ndigwire pati? Komiti ya sukulu ikumana Lachitatu. Anakulembani ntchito ndi iwowo, akaona okha ngati mupitirize."

Tsache linaima. Akalaliki anali atagwira ntchito pasukulupo kuyambira ine ndisanayambe Sitandade 1, akupalasa njinga kuchokera ku Nsanama tsiku ndi tsiku.

Poweruka ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akupopa tayala. Anandiyang'ana nthawi yaitali osaphethira.

"Mwanache iwe, tabwera. Anakuchotsadi?"

"Amadamu anawerenga tsamba lonse, ine ndili pomwepo."

"Sindinafunse zimene anawerenga."

"Nanga ine ndingadziwe bwanji za mkati mwa kompyuta, bambo?"

"Ee, sungadziwe." Anapopa kawiri. "Ine ndimataipa ndi zala ziwiri, ichi ndi ichi. Dzina limodzi ndimalisaka ngati nsabwe. Wosintha uja ndi wa zala khumi. Ndawerenga anthu a zala khumi pasukulu pano, sakukwana atatu."

Anakwera njinga osatsanzika. Ndinaganiza kuti akandinenera, koma Lachiwiri linadutsa kuli zii. Analibe umboni, ndipo sanali munthu wonenera mwana popanda umboni. Chimenecho ndicho chinandisowetsa mtendere. Akanandikalipira ndikanakana mpaka mawa.

Ndinalingalira zongosiya kusintha mayina kuti nkhani izizire. Koma kusiya pamene akalaliki aopsezedwa kukanangotsimikiza kuti anali iwo. Ndinalingaliranso zomuika mtsikana uja pazimbudzi mwezi wathunthu, koma ahedi akanati akalaliki akufufuta mapazi. Msampha ndinautchera bwino kwambiri moti unalibe potulukira wina, kupatula ine.

Lachitatu m'mawa, a komiti akuimika njinga panja, ndinagogoda mu ofesi. Munali ahedi, amadamu ndi akalaliki atakhala pampando wa alendo m'malo mwa pampando wawo.

"Madamu, tatsegulani tsamba la malangizo lija. Iyayi, osati mbali yoonera. Mbali yolembera."

Anatsegula. Pansi pa sitepe yachitatu, pakati pa tizizindikiro tiwiri tija, mzere wanga unali gone, wathunthu, wopanda cholakwika ngakhale chimodzi. Amadamu anauwerenga kawiri milomo ikuyenda. Kenako anatsegula gulu la ofesi, limene tsambalo silinawauzepo kuti atsegule. Mayina anali atatu.

"Iwe! Ndinakumvera chisoni ine!"

"Sindinafufute kanthu, madamu. Munati lioneke bwino. Masitepe atatu amaoneka bwino kuposa anayi."

"Tseka pakamwa," anatero ahedi, koma ndinaona kuti akuvutika kuyang'ana kumene kunali akalaliki. "Bambo, pepani. Bwererani pampando wanu."

Akalaliki anadzuka pampando wa alendo. Anakhala pampando wawo, anakonza kofia, n'kunena kuti, "Fukula mzerewo." Ndinachotsa tizizindikiro tiwiri tija, sitepe yachinayi inatulukira poyera. Iwo anaiwerenga mokweza, n'kuyamba kundichotsa m'gulu ndi zala zawo ziwiri. Zinatenga nthawi yoti munthu n'kudya chimanga chootcha chathunthu, ndipo ndikukhulupirira kuti ankachedwa dala. Atamaliza anandiuza kuti ndipite ku labu ndikayese kulowa, mlonda akundiperekeza. Kompyuta inandikana.

"Alihamudulilahi," anatero akalaliki nditabwerako. A komiti anangomwa tiyi n'kukambirana za denga la Fomu 2.

Chilango changa chinali zimbudzi mpaka kutseka teremu, ndipo ahedi analemba ndi bolopeni papepala, kuti pasapezeke wosuntha. Hedi pirifekiti ankabwera kudzandipatsa moni waulemu kwambiri. Ndinkamuyankha mwansangala, chifukwa iye anatsuka masabata asanu asakudziwa cholakwa chake, pamene ine changa ndinkachidziwa ndipo chinali chokoma. Amalume anafunsa ngati ndaphunzirapo kanthu. Ndinati eya, munthu usanamuchitire zabwino mtsikana, uyambe wafufuza kuti amalume ake ndi ndani.

Akalaliki anapitiriza ntchito, koma tsamba loyera lokongola sanalikhulupirirenso. Anauza amadamu kuti awapulintire mbali yolembera, ndi tizizindikiro take tonse, n'kuimata pakhoma pamwamba pa tebulo lawo. Pochotsa munthu aliyense ankatsata mizereyo ndi rula. Ndipo mpaka ndinamaliza Fomu 4, ndikangolowa mu ofesi, ngakhale kudzangopempha choko, ankavula kofia n'kuphimba kiyibodi.