Mayina a pa nthambi ya Chiyao

Pepani kuti ndikulemba ine wophunzira sukulu ya kumudzi ku Ngokwe, pomwe odziwa makompyuta alipo ambiri. Ndingonena zomwe ndinaona.

Ntchitoyi ndinaipeza kudzera mwa a Phiri a ku Balaka. Iwo ankayang'anira pulogalamu ya pafoni yolangiza alimi a thonje, imene khodi yake, kutanthauza malemba oiyendetsa, ndi yotseguka kwa aliyense wofuna kuthandiza. Atandiona ndikukonza mafoni pa Ntaja, anandibwereka laputopu, nkundiphunzitsa kuwunika zimene ena atumiza zisanalowe mu pulogalamu.

Munthu amagwira ntchito pa kope lake la pulogalamuyo lotchedwa nthambi, ndipo chosintha chilichonse chimasungidwa ndi dzina lake. Ikatha, pali njira ziwiri zimene tinkakambirana. Mutha kuphatikiza nthambi yonse mmene ilili, kapena kuifinya kuti ikhale chosintha chimodzi, cholembedwa dzina la amene anatumiza nthambiyo. A Phiri ankakonda kufinya. Kwathu netiweki imadukaduka, choncho anthu amasunga tizidutswa tambirimbiri totchedwa "kuyesa" ndi "kuyesanso".

Nthambi ya Chiyao ndinatsegula ndine, koma mawu ambiri anamasulira Abiti Saidi, mphunzitsi wa ku madrasa. Ankabwera akaweruka, nkulemba pa laputopu yomweyo ndi dzina lawo. Ankafuna kudzasonyeza ntchitoyi pofunsira ntchito yomasulira.

Tsiku lophatikiza, a Phiri anaimba foni. "Finya basi, Jafali. Mbiri isakhale ngati msika wa pa Ntaja."

Abiti anali pambali panga. "Che Jafali, mukafinya, dzina langa likhala pati?"

Ndinayang'ana. Likanatsala langa lokha pamwamba, lawo mwina m'kamzere kapansi. Laputopu inali ya a Phiri, ndipo ndinali ndisanawatsutsepo.

"Iyayi bwana, pepani," ndinatero. "Nthambi iyi si yanga ndekha."

"Ndiye ukufuna zinyalala zonsezo zilowe?"

Ndinapempha kuti ndiyambe ndasesa. Tizidutswa ta "kuyesa" nditilumikize ku zosintha zake zenizeni, ta Abiti kwa Abiti, tanga kwa ine, kenaka ndiphatikize osafinya. A Phiri anangoti, "Ukasokoneza, ukonza wekha," nkudula foni.

Zinanditengera masana onse, magetsi akuthimathima. A Phiri atawunika, anatumiza uthenga waufupi: "Zaoneka bwino. Lemba lamulo."

Ndinalemba motere: nthambi ya munthu mmodzi tifinye, ya anthu angapo tisese nkuphatikiza yonse. Mpaka lero, ndisanadine batani, ndimayamba ndawerenga mayina amene ali pa nthambi.

Abiti anajambula mzere wa mayina awo ndi foni, akuseka. "Kodi onsewa ndine?"

Lamulolo linalowa mu pulogalamu Lachisanu lomaliza la mwezi wa Meyi, thonje litayamba kugulidwa ku Ngokwe.