Disiki Imene Ndinatola M'minga

Chimene chimandibwerera m'makutu ndi kulira kwa matcheni. Disiki ikalowa bwino mu basiketi, matcheni amati ngwenjere kamodzi, kenako amanjenjemera okha, phokoso n'kumachepa mpaka kutheratu m'masamba. Ndinawamva koyamba ndili pamalo oimika magalimoto, ndikumanga zingwe za nsapato. Ndinadzutsa mutu kufunafuna kumene kunali belu. Kunalibe belu. Kunali phiri laling'ono lokutidwa ndi mitengo basi.

Nthawi imeneyo n'kuti nditakhala kunja, mumzinda wa Leicester, zaka ziwiri. Ndinkachita lendi kachipinda ku Spinney Hill, pamwamba pa butchala, ndipo ndinkagwira ntchito yoyeza magazi mu labu. Kuntchito ankati ndine wofatsa mopitirira muyeso. Kutchalitchi, tikamamwa tiyi mapemphero atatha, azimayi ankandifunsa ngati ndakwiya kapena ndikudwala. Sindinkadwala. Makolo anga anamwalira ndili ndi zaka zinayi, ndipo ndinakula ndi agogo anga aakazi, awiriwiri m'nyumba. Tinkatha tsiku lathunthu titalankhulana mawu owerengeka, koma tikukondana bwinobwino.

Amene ananditengera ku paki ya phiri lija anali ankolo ena a ku Zambia, oyendetsa basi, okhala ku Wigston. Si achibale anga, tinangodziwana kutchalitchi komweko.

"Iwe, Saturday unkhala chabe mu room monga nkhuku yodwala?" anandifunsa tsiku lina. "Nizabwela kukutenga, ukaoneko mitengo. Suzakamba na munthu, usayope."

M'galimoto anandifotokozera mwachidule masewera amene tinkapita kukaonawo. Amawatchula kuti disiki gofu. Umaponya disiki yapulasitiki, yonga mbale yaing'ono koma yolemerako, kuchokera poyambira mpaka ikalowe mu basiketi yachitsulo yoimikidwa pamzati, yokhala ndi matcheni olendewera. Pamene disiki yagwera, ndi pamene umaponyeranso. Mabasiketi amwazikana m'nkhalango yonse, iliyonse ndi nambala yake, ndipo wopambana ndi amene waponya kochepa.

"Lelo ungoyangana chabe," anatero ankolo. "Zinangu uzaziona weka."

Tinapeza anthu awiri akutidikira. Panali mayi wina wa ku Oadby, mphunzitsi, wamfupi, wonyamula chikwama chodzaza madisiki amitundumitundu. Panalinso bambo achikulire achizungu, a tsitsi loyera, amene ankolo anati anagwira ntchito moyo wawo wonse m'fakitale yoluka masokosi. Gululo linali la bambowo. Ndi iwo anali ataliyambitsa, ndipo ngakhale ankolo anachita kuitanidwa ndi iwo. Anandipatsa moni wapamanja, n'kundiyang'ana nsapato zanga zopitira kutchalitchi.

Unali mwezi wa Okutobala. Sindinkadziwa kuti pamtunda wa theka la ola kuchokera pa butchala paja pali malo otere. Mitengo yake inali italiitali, ya makungwa otuwa osalala, ndipo masamba anali atasanduka ofiirira ngati mkuwa. Ena ankagwa amodziamodzi popanda mphepo. Pansi panali pofewa moti phazi silinkamveka. Kuwala kwa dzuwa kunkadutsa pakati pa mitengo m'mizere yopendekera, ndipo munthu akadutsa pamzere umodzi ankawala kaye kenako n'kuzimanso. Pakhomo la paki panalibe mlonda, palibe amene anatifunsa kuti ndife ndani. Anthu oyenda ndi agalu ankatidutsa n'kumagwedeza mutu.

Mayi uja ndi amene anayamba kuponya. Ataima poyambira, onse anabwerera kumbuyo kwake n'kuima osasuntha. Ankolo, amene m'galimoto monse sanapumitse pakamwa, anati zii pakati pa nkhani. Ndinamva mbalame ina kutali, ndi mpweya wa mayiyo. Kenako disiki inanyamuka. Inapita molunjika, n'kupendekera kumanja kuzemba thunthu la mtengo, n'kuyandama nthawi yaitali ngati yaiwala kuti iyenera kugwa, ndiye pang'onopang'ono inabwerera kumanzere n'kukatera pamasamba popanda phokoso. Ndinazindikira kuti nthawi yonseyo sindinapume.

Zinali choncho kwa aliyense woponya. Anthu akuluakulu ankaima duu pakati pa mitengo, chete, kuyang'ana chinthu chimodzi chikuuluka. Palibe amene anandifunsa chifukwa chimene sindikulankhulira. Pamalo amenewo kukhala chete kunali ulemu, ndipo ine ndinkaudziwa bwino ulemu umenewo kuposa chilichonse. Pofika pa basiketi yachitatu ndinali nditatsimikiza kale mumtima kuti ndikufuna kubweranso Loweruka lotsatira, ndi linzakelo. Ndinkadziwanso kuti wondilola kubwera kapena kundikana ndi bambo achikulire aja.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkandisowetsa mtendere. Bambowo bondo lakumanzere linkawavuta. Akafika pa disiki yawo ankaima kaye, n'kugwira ntchafu ndi dzanja limodzi, n'kuwerama pang'onopang'ono milomo atailuma. Mayi uja ankangoyang'ana. Ankolo nawonso ankangoyang'ana, manja ali m'thumba. Ndinadabwa nawo ankolo, munthu wodziwa mwambo wa kwathu.

Agogo anga anali telala pakhonde la golosale ku Balaka, ndipo msana unkawapweteka. Sizasi ikagwa, kapena choko, kapena bobini ikagubudukira kunsi kwa makina, sankandiitana. Ankangoyang'ana pansi, ine n'kutola, n'kupukuta fumbi, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anandiuza kamodzi kokha kuti munthu wamkulu asamawerame ine ndilipo. Sanabwerezenso, ndipo sipanafunike kubwereza.

Basiketi ya nambala seveni sioneka munthu ali poyambira. Disiki imayenera kudutsa pakati pa mitengo iwiri yoyandikana, kulumpha msana wa phiri, n'kutsikira kuseri kumene kuli chigwa. Ananditumiza patsogolo kuti ndikaime pamsana paja ndiziona kumene madisiki akugwera, kuti asatayike. Ya mayi uja inamenya nthambi n'kugwa pafupi. Ya ankolo inalowera kumanja kwenikweni, ndipo ndinawamva akuitukwana m'Chinyanja chapansipansi.

Kenako kunabwera ya bambo aja, yachikasu. Inadutsa pakati penipeni pa mitengo iwiri ija osakhudza tsamba, inandidutsa pamwamba pa mutu ikulira ngati mluzu wapansipansi, n'kutsika ndi chigwa monga momwe phirilo linkatsikira. Inatera pafupi ndi basiketi, inaima chammbali, inagubuduka pang'ono n'kutsetserekera kunsi kwa mtunda woterera, n'kukaima m'matope pakati pa minga. Kuchokera pamenepo kukafika pa basiketi anali mapazi ochepa chabe, koma mtundawo unali wotsetsereka kwambiri.

Ndinayang'ana mtundawo, n'kuganiza za bondo lija. Sindinaganizenso china. Ndinatsika ndikugwira tizitsamba, minga ikundikola thalauzi, ndinatola disikiyo, ndinaipukuta matope ndi mkono wa juzi, n'kukwera nayo. Atatu aja atatulukira pamsana pa phiri ndinali nditaima panjira. Ndinapita kwa bambo aja n'kuwapatsa ndi manja awiri, nditapinda mawondo pang'ono.

Sanailandire msanga. Anayang'ana disikiyo, kenako anayang'ana ine.

"Inali pati?" anandifunsa m'Chingerezi.

Ndinaloza kunsi kwa basiketi. Mayi uja anaika dzanja pakamwa. Anandiuza mofatsa kuti bambowo akhala akusewera m'nkhalango imeneyi zaka zambiri, ndipo pa nambala seveni disiki yawo inali isanafikepo pafupi chonchi ndi kuponya kumodzi. Anati disiki ya munthu sikhudzidwa. Ngakhale igwere m'madzi, ngakhale pansi pa galu wogona, mwini wake ndi amene amapita kukaima pamene yagwera.

"Imwe a Malawi, ulemu wanu uzatipaya," anatero ankolo, akupukusa mutu. "Nakuuza kuti uyangane chabe. Manje wachita chani?"

"Pepani ankolo. Ndimaona bondo lawo."

"Bondo ni yawo. Disiki nayo ni yawo."

Mayi uja anati lamulo lake n'losavuta. Disiki yochotsedwa imabwezedwa pamene inali, ndipo popeza amene anaona ndi ine ndekha, ndine woti ndikaibweze. Bambo aja anandibwezera disikiyo m'manja.

Tikutsikira ku basiketi, ankolo anandiyandikira n'kulankhula chapansipansi kuti ena asamve.

"Ika pa flat apa, pafupi na njila. Nindani anaona? Ni iwe weka. Ba mudala sangatsike kuja, uzawapaya."

Malo amene ankolo ankanena anali abwino ndithu, athyathyathya, ndipo kutalika kwake kukafika pa basiketi kunali kofanana. Palibe akanandifunsa. Koma ine malo enieniwo ndinkawadziwa ngati chikhatho changa. Panali pansi pa muzu wopindika, pambali pa mwala wokutidwa ndi ndere, ndipo m'matope munali mutatsala chidindo cha m'mphepete mwa disiki. Ndinaima pamwamba pa mtunda disiki ili m'manja. Sindikudziwa chimene agogo akanandiuza. Ndinali nditawathandiza kale bambowo kamodzi popanda iwo kupempha, ndipo zotsatira zake ndinali nditaziona pankhope pawo.

Ndinatsikanso m'minga muja, n'kuika disikiyo m'chidindo chake. Inalowa ndendende.

Nditakwera, ankolo anandiyang'ana n'kutulutsa mpweya m'mphuno.

Bambo aja anavula chikwama n'kuchiika panjira. Anakhala pansi m'mphepete mwa mtunda, pamasamba onyowa, n'kuyamba kutsika chokhala, mwendo wopwetekawo atautambasula kutsogolo. Ankagwira muzu, n'kusuntha pang'ono, n'kupuma. Minga inawakola chipewa, anachichotsa n'kuchivalanso. Palibe amene anatambasula dzanja. Nanenso manja anga ndinawalowetsa m'thumba. Zinatenga nthawi yaitali, ndipo nthawi yonseyo nkhalango inali chete, masamba akungogwa. Atafika anaimirira atatsamira kamtengo, matope ali thalauzi lonse. Anayang'ana m'matope kwakanthawi, kenako anadzutsa maso kuyang'ana basiketi imene inali pamwamba pawo.

Sindinaonepo munthu akuyang'ana chinthu motero. Nkhope yawo inali yodekha ngati ya munthu amene wafika kumene amapita.

Anaponya. Disiki inamenya mkombero wachitsulo wa basiketi, inati khoo, inagwa chammbali n'kugubuduka kutidutsa tonse mpaka kukaima kumunsi kwenikweni, m'mbali mwa kamtsinje. Pa basiketi imeneyo anamaliza ndi kuponya kasanu.

Kuchokera pamenepo bambowo sanandilankhulenso. Ankaponya, n'kuyenda, n'kuwerama okha. Ine ndinkatsalira kumbuyo kwa onse. Pa nambala thwelofu mitengo imatha mwadzidzidzi, ndipo munthu amatulukira pamwamba pa phiri. Minda inayala mpaka kumene maso amalekezera, yobiriwira ndi yofiirira, yogawidwa ndi mipanda ya zitsamba, nkhosa zikuoneka ngati njere za mpunga. Kutali kunali nsanja ya tchalitchi cha m'mudzi wina, ndipo mthunzi wa mtambo unkayenda pamwamba pa zonsezo pang'onopang'ono. Ndinayang'anitsitsa kuti ndisunge chilichonse, poganiza kuti sindidzaimanso pamenepo.

Ankolo anayesa kundiseketsa kuti ndimasuke.

"Next time uzatinyamulako na ise pamusana, ka?"

Sindinathe kuseka.

Tinamaliza dzuwa lili pamutu. Pamalo oimika magalimoto mayi uja anatsanzika n'kupita. Ankolo anatsegula buti ya galimoto n'kukhala pamenepo kuti asinthe nsapato, akuimba foni kunyumba. Ine ndinaima chapatali ndikuchotsa minga pa thalauzi. Mawu opepesa ndinali nditawakonza m'mutu kambirimbiri, koma pakamwa sankatuluka.

Ndinamva mapazi osafanana akubwera pamiyala. Anali bambo aja. Anaima patsogolo panga n'kupisa m'thumba la jekete, n'kutulutsa kadisiki kakang'ono, kofanana ndi chivundikiro cha botolo la jamu, kobiriwira, kokalikakalika m'mbali.

"Chidindo chija m'matope ndinachiona," anatero. "Unaibweza pamalo pake penipeni. Mnzakoyu akanaiika panjira."

Ankolo anamva, ndipo anatembenukira kumbali foni ili kukhutu.

"Aka umakaika pansi, kutsogolo kwa disiki, usanaitole, kuti malo asasokonekere," anapitiriza bambowo. "Disiki yako. Osati yanga."

Anakaika m'dzanja langa. Kanali kofunda chifukwa chokhala m'thumba.

"Loweruka, naini koloko. Ndipo upeze nsapato zina, izo udzathyoka nazo mwendo."

Anatembenuka n'kuyamba kupita ku galimoto yawo, akutsimphina, matope atawaumira kumbuyo konse kwa thalauzi.