Laban Anakana Kulengeza Nkhondo

Laban Matewere anagwira usilikali zaka khumi ndi zinayi. Chaka chimodzi anachithera m'nkhalango za ku Congo, komwe mnzake Aubrey anabwerako ali m'bokosi. Lero Laban ndi mlonda pa geti la nyumba yosungiramo katundu ku Isando, ku Joni, chida chake bolopeni. M'mawa uliwonse, ali m'minibasi yochokera ku Daveyton, amawerenga nkhani pafoni, n'kujambula mawu m'Chichewa kutumiza pa gulu la WhatsApp la Amalawi. Amene Chingerezi chimawavuta amadalira iyeyo.

Koma munthuyu ndi waliuma. Atolankhani a ku Joni kuno amakonda nkhondo ngati anthu oti sanaikepo maliro: nkhondo yolimbana ndi maenje a mumsewu, nkhondo yolimbana ndi makoswe, ngakhale timu ikagonja pa mpira akuti yaphedwa. Zimenezi zimamunyansa Laban, ndipo mawu otere sadutsa pakamwa pake. Iye amanena mmene anaphunzirira kupereka lipoti ku usilikali: ndani, angati, kuti, nthawi yanji.

Lolemba lina nyuzipepala ina inalemba kuti akuluakulu a mzinda alengeza nkhondo yolimbana ndi ogulitsa m'misewu, ndipo Lachinayi adzaukira renki ya maminibasi ya ku Daveyton. Pa renkipo ndi pomwe Dorah, mkazi wa Laban, amagulitsa tomato ndi chinangwa. Lamulo la pamenepo silinalembedwe, koma aliyense amalidziwa: tebulo likakhala masiku atatu lopanda mwini, wina amakhalapo, ndipo ulibe kokadandaula.

Laban anafunsa kaye kwa mlonda mnzake amene mlongo wake amagwira ntchito ku khonsolo, kenako n'kujambula: "Lachinayi, teni koloko, apolisi a mzinda asanu ndi mmodzi. Akudzaona mapepala a malonda. Amene muli nawo mutenge. Basi."

Sangwani, wapampando wa gululo, anaimba nthawi yomweyo. Sanali munthu wopusa. Ankakumbukira zaka zimene mashopu a alendo anawotchedwa.

"Achimwene, mukufuna kuphetsa anthu? Pepala lati nkhondo, inu mukuti basi? Nenani mmene alembera, anthu abisale."

"Nkhondo ndinaiona ine, a Sangwani. Siuziratu atolankhani tsiku. Wolemba uja akagona pabedi pake, koma amayiwa akathawa ataya malo. Sindinena."

Sangwani anamuchotsa pa gulu n'kutumiza uthenga wakewake. Kuyambira Lachiwiri matebulo a Amalawi anali pululu, kupatula la Dorah. Mayiyu ankapita chifukwa cha mawu a mwamuna wake, koma mtima uli m'mwamba.

"Bambo a Faith, nanga mukakhala kuti mwalakwitsa?" anafunsa Dorah.

"Ndikalakwitsa, adzayambira ine."

Laban anapempha tchuthi cha tsiku limodzi. Lachinayi anakhala pa kreti pambali pa Dorah, ndipo kunena zoona mantha anali nawo, chifukwa nthawi ino woika moyo pachiswe chifukwa cha lipoti lake anali mayi wa mwana wake Faith. Apolisi anafika dzuwa lili paliwombo, anayi okha. Analanda katundu wa anthu awiri opanda mapepala. Mmodzi anayang'ana pepala la Dorah, n'kulibweza, n'kupitirira.

"Paja munati asanu ndi mmodzi," anatero Dorah.

"Ndaphonya awiri, mayi."

Lachisanu obisala aja anabwerera n'kupeza matebulo asanu ndi awiri ali ndi eni atsopano. Maggie, mkazi wa Sangwani, anapeza pamalo pake pali bambo wogulitsa matchaja a foni. Dorah anasendeza tomato wake kuti mnzakeyo aikepo nthochi.

Masana Sangwani anaimbira Laban ali pa geti, mawu atatsika.

"Achimwene, bwererani pa gulu. Anthu akufuna nkhani."

"Ndibwerera," anayankha Laban. "Koma lipoti loyamba mupereke ndinu. Muwauze amayiwo amene wawalanda malo asanu ndi awiriwo, chifukwa apolisi sanatenge ngakhale amodzi."