Chikwama cha Kuseri kwa Chitseko

Chiyambire chaka chimene madzi analowa m'nyumba mpaka kulekeza m'chiuno, Mayi Telala sagwirizana ndi mitambo. Kumwamba kukangoda, amasiya mashini pakhonde la sitolo pomwe amasokera, liwiro kunyumba kukaona chikwama chawo cha kuseri kwa chitseko.

Chikwamacho anasoka okha ndi chinsalu cha tenti. Poyamba analongedzamo dziko lonse: bulangete, tochi, makandulo, machesi a m'kabotolo, zitupa zokulunga m'pulasitiki, ngakhale kapoto. Mlamu wawo ankaseka. "Alamu, mukusamuka liti? Muikemonso mashiniwo!"

Aseke, iye miyendo ali nayo. Amuna a Mayi Telala anafa ziwalo, sayenda. Tsiku la madzi lija anawanyamula ndi anyamata oyandikana nawo, ndipo anyamatawo anasamuka kalekale.

Ndiye Lamlungu lililonse masana mayiwo ankayeserera kuthawa. Ankabereka bambowo ndi nsalu ziwiri, chikwama pachifuwa, ulendo wa kusukulu ya kumtunda. Tsiku loyamba anagwa asanapitirire pampopi. Analira anthu akuona, mantha okhaokha. Madzi akadzabweranso, munthu wawoyu adzamufikitsa bwanji kumtunda?

Anachotsa kapoto. Sabata inayo makandulo anatuluka, bulangete analidula pakati. Mankhwala a bambo okha ndi amene sanawakhudze. Anayamba kufika pachigayo, kenako pamlatho. Mwezi wachinayi anakafika pageti ya sukulu osapumulako ngakhale kamodzi.

"Mwaona, bambo? Chikwama chapepuka, basi tapulumuka!" anatero akupuma wefuwefu.

"Eya, mayi," anayankha bambowo motsitsa mawu.

Powakhazika pansi, dzanja la mayi linagunda nthiti. Anatukula malaya. Mayo ine! Mafupa okhaokha. Pajatu thalauza la bambowa analichepetsa m'chiuno kawiri konse, telala wathunthu, osaganiza kanthu.

"Bambo, chakudya chimene ndimakusiyirani ndikamapita kokasoka, mumadya?"

Bambowo anazolika. "Galu wa aneba ndi amene amandithandiza."

"Chifukwa chiyani, inu? Mukufuna mundifere?"

"Ndinakumvani mukulira pampopi paja," anatero bambowo. "M'chikwamamo simukanachotsa zokwanira, mayi. Ndinati nanenso ndichotseko kwanga."