Chisanu cha Buluzi

Ndikamva fungo la utuchi wa paini ndimakumbuka chisanu cha chaka chimene malume anga, ocheka matabwa m'Phiri la Dedza, adagula galamafoni. Chimbale adali nacho chimodzi chokha, ndipo Lamulungu lililonse tikaweruka ku Misa ankachiliza pakhonde. Gitala yamagetsi inkalira ngati namfedwa, ng'oma zikugunda mpaka m'mimba. Pachikuto padali anyamata anayi a ku Limbe, a tsitsi lowirira ngati chitsamba. Ine, mtsikana wa Sitandade 5, ndidawakonda onse anayi, makamaka tsitsilo.

"Nyimbo zamtunduwu azungu amati buluzi," adatero malume.

Bambo, omwe adali akatekisiti, adaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira pamenepo sindidapume. Buluzi akangothamanga pakhoma ankandiitana: "Nabanda, woimba wako uja wafika, m'patse mpando." Zinkandipsetsa mtima kwabasi, koma kholo ungaliyankhe chiyani?

Kenaka tidamva kuti anyamatawo adzaimba muholo ya pa boma Loweruka masana. Bambo adati ndikapita pokhapokha nditamaliza kukumba kachewere wa kudimba. Masabata awiri ndidalawirira m'chifunga, zala zitauma gwa, milomo itang'aluka. Tsikulo litafika adandikweza okha panjinga, ati nawonso akaone buluzi woimba.

Muholo munkanunkha thukuta ndi malaya onyowa ndi mame. Chitseko chitatseguka padalowa amuna anayi a mipala, ometedwa mwa zigamba ngati ana odwala zipere.

"Si amenewa!" ndidakuwa.

Malume, omwe tidawapeza muholomo, adanditsina, n'kundinong'oneza kuti anyamata a chipani adawaimitsa pamsewu n'kuwameta, poti lamulo silinkalola tsitsi lalitali. Ine zidandikhudza chiyani? Ndidakumba dimba lonse kuti ndidzaone mipala? Oimbawo ndidawafulatira, manja nditapinda, nyimbo ziwiri zathunthu. Yachitatu idali ya pachimbale ija. Gitala italira, khosi lidatembenuka lokha. Woimbayo adali atatsinzina, ndipo pamwamba pa khutu lake padali mzere wa magazi ouma. Sindidavine. Ndidangoima, misozi ikutsika, ndikadali wokwiya.

Pobwerera ndidadandaula njira yonse kuti atinamiza. Bambo sadaseke. Titafika m'mapaini adaimitsa njinga, adacheuka kumbuyo, adayang'ananso kutsogolo, n'kunena motsitsa mawu:

"Buluzi ukamudula mchira, Nabanda, umameranso."

Ndidafufuma. Ngakhale lero lomwe akundinenabe za abuluzi!

Ndidadzamvetsa ndili ndi ana anga, bambo atagona kale kumanda. Nthabwala zawo ankazinena mokweza, mudzi wonse ukumva. Iyi yokha adayamba aona ngati mumsewu mulibe munthu.